Malekodi anu sapita kubala, Atate

Atate, lero m'minibasi ya ku Kanyama dalaivala anaika nyimbo ya woimba wanu uja wa nthawi ya galamafoni, amene malekodi ake munkawapukuta ndi mpango wa kutchalitchi. Kondakitala anati, "Ba dalaiva, chosani vamaliro ivi." Anthu anaseka. Ine ndinatsikira panjira. Ndinakumbuka tsiku lija madzi a mvula analowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Mabuku anga a ku yunivesite ankayandama, inu n'kuthamangira katoni ya malekodi, n'kundisenzetsa. Ndinakukalipirani kuti mumakonda mzungu wakufa kuposa mwana wanu. Munati, "Iwe, mabuku yaliko ku laibulale. Uyu akaonongeka tizamupeza kuti?" Kenako munayamba kuimba ndi Chingerezi chanu chopindika, titaima m'madzi osefukira m'zimbudzi. Madzi omwewo anakupatsani kolera, sabata isanathe tinakuikani m'manda. Sukulu ndinasiyira pomwepo.

Pogawa katundu, mng'ono wanu, amene kuchipatala sanapondeko, ananyamula galamafoni n'kundisiyira malekodi, ati ndi zinyalala. Chimwalirireni inu sindinawamverepo, ndilibe poimbira. Ndimangowerenga mayina a nyimbo pazikuto. Tsopano ang'ono anu aja atsegula bala kukomboni ya George, ndipo atuma uthenga kuti ndiwapatse, akakhomere pakhoma ngati zokongoletsa, zidakwa zizikondwa. Ndawayankha kuti abwere okha adzatenge, aone ngati atuluke nawo pageti. Munandisiyira pakamwa panu, Atate, ndipo ndikuwadikira.