Theka la Buledi wa Aba Pekusi

Lamulungu lotsatira phwando la Mtanda, mapemphero atatha, Dikoni Fibamoni anaima pakhomo la tchalitchi cha m'mudzi wa Pesela, natsokomola kuti anthu atchere khutu, kenaka analengeza chigamulo cha akulu a mpingo: kuyambira tsikulo, aliyense wogenda khwangwala, womutchera msampha, kapena womutukwana mokweza, adzaletsedwa mgonero. Akuluwo anali ataona kuti palibe amene angasiyanitse khwangwala wamba ndi khwangwala wa ntchito, uja wonyamula theka la buledi kukapatsa Aba Pekusi, ndiye kuti Bambo Pekusi, woyera wa kuphiri. Choncho kugenda mmodzi kunali kugenda wantchito wa mpingo.

Anthu anati Ameni. Tabesi analavula pansi.

Tabesi anali mlongo wake wamkulu wa woyerayo, mayi wamasiye wa msana wopindika ndi mwala woperera. Pekusi anathawa munda nthawi yolima, amayi awo ali chigonere, nakakhala m'manda akale osemedwa m'thanthwe, kupitirira kumene msipu umathera. Kumeneko analumbira kuti maso ake sadzaonanso nkhope ya mkazi. Madzi analipo, a pa kasupe wowawa mchere. Chakudya ndiye ayi. Ndiye Tabesi ankakwera chigwa chouma cha kuseri kwa mudzi, n'kusiya buledi wathunthu pamwala wa pakhomo pa mandawo, n'kubwerera.

Akhwangwala si zitsiru. Pomwe woyerayo ankamaliza masalimo ake n'kutuluka, ankapeza theka la buledi, ndi mbalame yakuda ikupukuta mlomo pambali. Mlendo wina wa kumzinda anaona zimenezi, anagwada, ndipo nkhani inatsika ndi mtsinje mpaka kunyanja yamchere. Ngalawa zinayamba kukocheza pa Pesela. Mudzi unamanga nyumba ya alendo, unayamba kugulitsa timitsuko ta mafuta odalitsidwa, ndipo akulu anapaka njereza mwala wina patsinde pa phiri, n'kulamula kuti chakudya chisamadutse pamenepo, popeza kutero kunali kukayikira mbalame.

Za Tabesi mudzi wonse unkazidziwa monga munthu adziwira chithupsa cha pamalo obisika.

Masiku ena ankafika pamandapo mtima uli m'mwamba.

"Pekusi iwe! Tuluka utenge buledi wako asanayambe anzakowa!"

"Choka, Satana," ankayankha mawu ochokera m'katimo. "Ndakuzindikira. Wabwera ndi mawu a mkazi."

"Satana wake uti? Amene ankakupukuta mamina? Amene anaika amayi ako m'manda iwe uli kuno kuimbira abuluzi?"

"Ambuye amandidyetsa ndi mbalame za mumlengalenga."

"Mbalame zimathira chitowe mu buledi? Utafune bwino, mbuzi iwe!"

Apo salimo linkakwera mpaka kumeza mawu ake. Tabesi ankaopseza akhwangwala ndi mpango, n'kutsika akung'ung'udza. Womufunsa chimene ankavutikira ankamuuza kuti amapita kukatukwana, buledi ndi chifukwa chabe.

Chaka cha chigamulo chija, madzi osefukira atabwerera mumtsinje, Tabesi anaterereka pamatope a m'mbali mwa ngalande n'kugwera chiuno. Anagona, anadzuka, anayesa mwendo, mwendo unakana. Anatenga ndodo n'kudzikoka mpaka kwa Dikoni, amene anamupeza akudyetsa nkhunda zake.

"A Dikoni, ndibwerekeni bulu wa mpingo. Apo ayi ndipatseni munthu akwere m'malo mwanga."

"Akwere kukatani, mayi?"

"Musandiyese mwana, bambo. Ndimadutsa kuseri kwa khola lanuli inu mukuona."

"Ine ndimaona mayi wachikulire akupita ku nkhuni."

"Nkhuni m'chipululu?"

Dikoni anakuntha manja, nakhala bwino ngati munthu amene wakumana ndi funso lokoma la malamulo. Anafotokoza mofatsa kuti mpingo sungatumize chakudya kwa munthu amene mpingo womwewo walengeza kuti ali nacho kale chomudyetsa. Kutero kukanakhala kutsutsa chigamulo, ndipo chigamulo sichitsutsidwa ndi dikoni koma ndi akulu atakhala pansi.

"Ndiye mutumizeni kwathu khwangwala wanuyo, ndimupakire."

"Mawu amenewo ali pafupi ndi aja oletsedwa, mayi. Ndichita ngati sindinamve."

"Imvani ndithu. Munthu uja afa."

"Woyera sataya mtima ndi nkhani ya m'mimba. Komabe musadandaule. Akulu akumana tikangotha kufesa, nkhani yanu ndiiika patsogolo penipeni, ndipo bulu mudzamuona ndi maso anuwo."

Tabesi anazungulira makomo a anansi ake. Onse anali ndi chisoni, komanso onse anali ndi alendo ogona m'zipinda zawo. Wina anati mwamuna wake wakaniza. Wina anati, "Ine ndidutse mwala woyera ndi dengu, alendo akuona? Mukufuna ana anga adye chiyani, mayi?" N'kumupatsa anyezi kuti apepese.

Choncho anaphika, anamanga buledi pansalu, n'kuyamba yekha ulendo. Chigwa cha kuseri chinali cha miyala, ndodo sikanathandiza, ndiye anadzera njira ya alendo. Anafika pamwala wa njereza dzuwa lili paliwombo, ndipo pamenepo chiuno chinati basi. Anakhala pansi, anafuula dzina la mlongo wake mpaka mawu kusasa, phiri n'kumubwezera dzina lomwelo. Akhwangwala ankamudziwa bwino Tabesi. Anatera momuzungulira, anang'amba nsalu, aliyense n'kuuluka ndi chibenthu chake cha kuthanthwe.

Alendo amene anali pamenepo anagwa maondo pansi. Ena analira. Mkulu wina wa zovala zofewa anayambitsa nyimbo, poti anali ataona ndi maso ake mbalame zikunyamula chakudya cha woyera. Tabesi anazitukwana mbalamezo, makolo ake ndi mazira ake omwe, mokweza kwambiri, ndipo Lamulungu lotsatira analetsedwa mgonero. Pa mlandu umenewo akulu sanadikire kufesa.

Kufesa kutatha anakumanadi. Anakambirana mozama ndipo anagwirizana kuti bulu akhoza kukwera phiri pofuna kukaona mmene njira ilili, ndi kuti zimene zili pamsana pa bulu si nkhani ya mpingo. Aliyense anayamika nzeru imeneyi. Amuna amene anakwera ndi buluyo anamupeza Aba Pekusi ali chigonere pa mkeka wake, wouma ngati chikuni, ndipo m'mphepete mwa mkekamo munali motafunidwa.

Dikoni Fibamoni analengeza pakhomo la tchalitchi kuti woyera wa kuphiri watsiriza kusala kudya kwakukulu kumene anakusankha yekha, ndipo mpaka mapeto ankabweza khwangwala ndi buledi wake. Analonjeza kuti pamandapo pamangidwa kachisi, kuti chilango cha Tabesi chakhululukidwa, ndi kuti monga mlongo wa woyera, mayiyo azilandira buledi wa amasiye a mpingo moyo wake wonse, osavutikanso.

Buledi wa amasiye a mpingo ankaphika ndi Tabesi, ndipo ufa wake ankapera yekha.