Mapaketi Asanu ndi Imodzi a Nimu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhomo la tchalitchi. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, banja litangotha, nditabwerera kwa amayi ku Lisungwi ndi mwana kumsana. Lachinayi lina titaweruka kumapemphero a amayi, aNangozo anandikodola. Anandifunsa ngati ndimatha kulemba zowerengeka, ndiponso ngati sindinyansidwa ndi nkhani za chimbudzi cha ana. Ndinaseka, koma iwo sanaseke. "Ubwere Lolemba," anatero.

ANangozo anali mayi wamasiye, wamtali, wolankhula pang'onopang'ono. Anali ndi benchi ya mankhwala azitsamba pamsika. Sanali sing'anga wa ula kapena wa mizimu. Zomwe ankadziwa anaphunzira kwa azakhali awo, zina pamaphunziro a zomera ndi kadyedwe omwe anakachita ku Neno boma. Anthu ambiri ankabwera ndi za m'mimba: kudzimbidwa, chilungulira, mimba yodzaza mpweya. Ena ankabwera ndi ana osafuna kudya. ANangozo sankangotambasula dzanja n'kupereka paketi. Ankayamba ndi mafunso. Madzi mumatunga kuti? Mwana akuyamwa? Dzulo wadya chiyani? Nthawi zina munthu ankachoka osagula kanthu, atangouzidwa kuti aziwiritsa madzi akumwa kapena azithira nsinjiro m'phala.

Ine ntchito yanga inali kunyumba kwawo, kuseri. Masamba a chammwamba tinkathyola mmawa mame atauma. Ndinkawapulula, kuwatsuka m'beseni la madzi othira mchere pang'ono, kenako kuwayanika pathandala la neti pansi pa denga. Padzuwa ayi, chifukwa tsamba limayezuka. Pakatha masiku atatu kapena anayi, likamathetheka m'manja, ndinkasinja mumtondo ndi kusefa kawiri, poyamba ndi sefa wa ufa, kenako ndi kansalu kopyapyala. Malambe ndinkaswa, kusinja mopepuka kuti nthanga zisaphwanyike, n'kusefanso. Jinja ndinkamudula timagawo topyapyala tisanamuyanike. Ufa uliwonse tinkayeza masupuni khumi m'kapepala ka pulasitiki. Pomata ndinkapinda kukamwa kwa pepalalo pa chitsulo cha sowo n'kudutsitsa pamoto wa kandulo. Sabata yoyamba ndinapsa zala zonse.

Panalinso nimu. Ameneyu anali ndi mtondo wakewake ndi sefa wakewake, ndipo ankagulitsidwa kwa akuluakulu okha. "Nimu si wa mwana, si wa mayi woyembekezera," aNangozo ankatero nthawi zonse ndikamausinja. Vuto ndi loti ufa wa nimu ndi wa chammwamba, ukakhala m'pepala, wonse ndi wobiriwira. Makasitomala ambiri sankawerenga, choncho paketi iliyonse ya nimu tinkaimanga ulusi wofiira pakhosi. Ya chammwamba inalibe ulusi.

Ndinagwira miyezi isanu ndi iwiri popanda chovuta. Kenako inafika Okutobala, dzuwa la ku Lisungwi likuwotcha ngati wina wasiya mbaula pamutu.

Madzulo a tsiku loti mawa ndi msika, ndinamata mapaketi asanu ndi imodzi a nimu, ndipo ndinapeza kuti ulusi wofiira watha. Ndinawaika m'mphepete mwa lichero, padera, ndi maganizo oti mmawa ndikagula ulusi kugolosale. Nthawi yomweyo foni inalira. Anali bambo a mwana wanga, akuti abwera ndi ankhoswe kudzamutenga mwanayo. Tinakangana nthawi yaitali. Ndinadula foni nditaiwala za ulusi. Ndinakokolola zonse zinali m'lichero kuthira m'chikwama cha kumsika, n'kumanga, n'kupita kwathu.

Mmawa tinayala katundu pabenchi monga mwa nthawi zonse. Anthu anali ambiri. ANangozo ankafunsa mafunso awo ndi kugulitsa, ine ndinapita kumjigo kukatunga madzi osamba m'manja. Nditabwerako, cha m'ma 9 koloko, kunabwera mkulu wina kudzafuna nimu. Ndinapisa m'chikwama kufuna za ulusi wofiira. Munalibe. Pamenepo ndinakumbukira kuti mapaketi a nimu aja ndinawathira m'chikwama opanda ulusi. Ndinamuuza mkuluyo kuti nimu watha.

ANangozo atatembenuka kulankhula ndi kasitomala, ndinayamba kuyang'ana mapaketi a chammwamba imodziimodzi padzuwa. Wa nimu umakhala wodera pang'ono ukauyang'anitsitsa. Ndinapeza awiri, ndinawabisa m'chitenje. Anayi anali atagulitsidwa kale.

Apa ndi pamene ndimachita manyazi kufotokoza. Sindinanene. Ndinaima pabenchipo ndikumwetulira makasitomala, mumtima ndikudziuza kuti mwina agula ndi akuluakulu, mwina akalawa amva kuwawa ataya. Ndinkaganiza za ntchito yanga, ndinkaganiza kuti ankhoswe akamva kuti ndachotsedwa adzati sindingathe kulera mwana. Dzuwa linafika pamutu ndidakali chete.

Cha m'ma 12 koloko kunabwera mayi wina wa tiyirumu, paketi yotsegula ili m'manja. "ANangozo, chammwamba chanu chalero chikuwawa bwanji? Ndathira m'phala ndalephera kumeza." ANangozo ananyowetsa chala, kugunda ufawo, n'kulawa. Sanalavule. Anandiyang'ana.

"Ndi angati?"

"Asanu ndi imodzi, mayi. Awiri ali ndi ine."

"Wadziwa nthawi yanji?"

Ndinayang'ana pansi. "Mmawa."

Sanandikalipire. Anakwera pabenchi yathu, mayi wamkulu ngati uja, nayamba kukuwa msika wonse ukumva: "Aliyense wagula chammwamba kwa ine lero asadye! Asapatse mwana! Ndasokoneza mankhwala!" Anati ndasokoneza, sanati wasokoneza. Ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda. Ndinaona amayi akunong'onezana, ena akugwira pakamwa.

Chinatithandiza ndi mafunso awo aja, chifukwa ankakumbukira aliyense amene anamugulitsa. Tinazungulira msika kulawa paketi iliyonse. Ina ya nimu tinaipeza kwa bambo wogulitsa mbuzi, ina kwa mayi amene anali atakwera kale minibasi koma isananyamuke. Inatsala imodzi.

ANangozo anakhala pansi mwadzidzidzi. "Amake Chisomo," anatero. Anali mayi wa kumidzi ya ku Chifunga, amene anabwera ndi kamtsikana ka chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Mwanayo anali akutsegula m'mimba masiku atatu. ANangozo anali atamuuza kuti ayambe wapita kuchipatala kukatenga ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, chammwambacho adzathire m'phala mwana akayamba kuchira. Ogulitsa pamsika anatiuza kuti mayiyo anazungulira msika kugula zina, n'kukwera njinga yamoto cha m'ma 11 koloko. Ndinawerenga maola mumtima. Pamene ankakwera njingayo, ine ndinali nditadziwa kale kwa maola awiri, ndipo iye anali pomwepo, kuseri kwa ogulitsa kaunjika.

Pasiteji tinapeza bambo amene anamunyamula. Tinakwera tonse awiri kumbuyo kwake. Msewu unali wafumbi ndi miyala, njinga ikudumpha, aNangozo atandigwira m'chiuno. Tinayamba tafunsa kuchipatala cha Chifunga ngati mayi wotere wafika. Anali asanafike. Tinakhotera kanjira ka m'minda youma mpaka pakanyumba ka zidina zosawotcha pansi pa mlambe.

Amake Chisomo anali pakhonde, mwana ali pamiyendo. Pambali panali kapu ya phala lobiriwira, latsala theka. Atationa anadzidzimuka. "Mwabwera bwino, mayi," anauza aNangozo. "Chimwereni mankhwala aja akungosanza." Anafotokoza kuti anaganiza zoyamba wayesa ufawo, kuchipatala apite mawa. Anathira masupuni awiri. Mwana anakana, iye anamugwira mphuno n'kumumwetsa. "Ndimayesa kuwawako ndiye mankhwalawo."

ANangozo anagwada. Anatsina khungu la pamimba pa mwanayo, khungu linakhala chiimire osabwerera. Maso anali atalowa, liwombo litalowa, milomo itauma. Sankalira. Ankangotsegula pakamwa ngati kamwana ka mbalame. "Nyamukani," anatero aNangozo. "Tengani buku lake la kusikelo. Iwe, tenga paketiyo ndi kapu." Mayi ndi mwana anakwera njinga ndi aNangozo. Ine ndinathamanga wapansi, kapu ya phala ili m'manja, minga ikundibaya m'mapatapata.

Nditafika ndinapeza adokotala akufuna mtsempha padzanja la mwanayo. Analephera kawiri, kachitatu anaupeza paphazi, n'kumuika diripi. Anatenga paketi, ananunkhiza, anafunsa kuchuluka kwa zomwe wamwa ndi nthawi yake. ANangozo anayankha zonse mosabisa. Adokotala anangoti, "Mwachita bwino kubwera ndi paketiyi. Tiitana ambulansi, uyu akufunika kuchipatala chachikulu."

Tikudikira ambulansi pabenchi ya panja, amake Chisomo anayamba kudzidzudzula kuti ndi iye wapha mwana wake posamvera. ANangozo ankati cholakwa ndi cha benchi yawo. Sindinathe kupirira. Ndinagwada pamaso pa mayiyo n'kumuuza zonse: za ulusi, za chikwama, ndi zoti ndinadziwa iye adakali mumsika koma ndinakhala chete. Anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi itasiya kutsika.

"Inunso muli ndi mwana?"

"Eya, wamwamuna."

"Akanakhala wanu, mukanadikira mpaka 12 koloko?"



Chisomo anagonekedwa masiku anayi. Ndinkapita tsiku lililonse ndi chakudya, n'kuchisiya kwa anamwino chifukwa amake sankafuna kundiona. Tsiku lachiwiri mwanayo anakomoka, ine ndili pakhonde ndikumva mapazi a anamwino akuthamanga. Lachitatu anayamba kuyamwa. Namwino wina anandiuza kuti chomwe chinatsala pang'ono kumupha ndi kutha kwa madzi m'thupi, komwe kunayamba ndi kutsegula m'mimba, nimu anangowonjezera kusanza pamwamba. Ankafuna kunditonthoza. Koma palibe amene akanandiuza kuti gawo langa linali lalikulu bwanji, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndikanalankhula 9 koloko, phala lija silikanaphikidwa.

Benchi ya aNangozo inazizira. Kwa miyezi ingapo amayi a ana ankadutsa cha patali, ena ankatiloza ndi milomo. Panali masiku a msika omwe tinkabwerera ndi chikwama chodzaza monga tinapitira. ANangozo anasiyiratu kugulitsa nimu, mtondo wake anaupereka kwa oyandikana nawo kuti azisinjira zakudya za nkhuku. Anakhazikitsa lamulo loti ufa uliwonse ulawidwe ndi anthu awiri usanamatidwe, ndipo mitundu iwiri isamatidwe tsiku limodzi. Mwana wotsegula m'mimba sitinkamugulitsanso kanthu mpaka mayi ake ataonetsa buku losonyeza kuti wachokera kuchipatala.

Ndinkadikira kuchotsedwa ntchito. Patatha sabata ndinawafunsa ndekha, tikupulula masamba. Sanasiye kupulula. "Kusokoneza ufa, ngakhale ine ndingasokoneze," anatero. "Chimene chinandipweteka ndi maola atatu aja. Unaima pambali panga ukumwetulira." Anatenga nthambi ina. "Ndikakuchotsa ndilemba wina amene sanaonepo mwana akulefuka. Khala. Koma ukadzandibisiranso kanthu, usadzadikire kuti ndikuuze, udzangonyamuka."

Ndinakhala nawo zaka zina zinayi, mpaka maso awo atayamba kuvuta n'kundisiyira benchi. Ndalakwitsapo zina chichokereni tsiku limenelo. Ndinamatapo jinja asanaumitsitse, n'kuchita nkhungu m'mapepala. Ndinapatsapo bambo wina ufa wa malambe m'malo mwa wa gwafa. Nthawi zonsezo ndinanena pomwepo, mokweza, mtima usanayambe kundipatsa zifukwa zokhalira chete. Ndinaphunzira kuti mantha amabwera msanga ndipo amalankhula zomveka, choncho pakamwa pamayenera kuwatsogolera. Amene ndimagwira nawo ntchito ndimawauza tsiku loyamba kuti cholakwa chonenedwa msanga sindichotsera munthu ntchito.

Amake Chisomo ndimawaona pamsika nthawi zina. Mwana uja anakula, ali kupulayimale, ndi wamiyendo yaitali ndipo amakonda kutsogola amake akamayenda. Ndimapereka moni nthawi iliyonse. Mayiyo sanayankhepo, ndipo sindiwaimba mlandu. Amagwira dzanja la mwana wawo n'kudutsa mbali ina ya njira, ine n'kuwayang'ana mpaka atalowa m'gulu la anthu.