Mphuno ya Mlamu Wanga

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, wagwira umakaniko zaka makumi anayi, ndipo dzina lake lenileni ngakhale ana ake analiiwala. Aliyense amangoti a Mphuno. Galimoto ikabwera ikudwala, iye sankayamba ndi sipanala. Ankagwada kumbuyo, n'kuika nkhope pa ekizosi, potulukira utsi, ngati galu pakhomo la butchala, n'kukoka mpweya kawiri. Akadzuka ankagamula: "Ikumwa kwambiri," kapena "Ikufa ndi ludzu," kutanthauza kuti petulo wachuluka kuposa mpweya, kapena wachepa. Ndivomere, poti sindine wabodza: kawirikawiri ankalondola.

Ine ndinaphunzitsa sayansi ku sekondale mpaka kupuma. Iye sukulu anaithawa asanadziwe kugawa. Koma tsiku lina, ndikadali ndi tsitsi, ndinapita ndi galimoto yanga kugalaja kwawo, n'kuyamba kumufotokozera mwaulemu kuti injini imafuna magawo pafupifupi khumi ndi asanu a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Anandidula pakamwa pamaso pa anthu, ena mwa iwo makolo a ana anga asukulu.

"Alamu, choko chinakutsekani mphuno. Khalani apo, mungadetse tayi."

Anthu anaseka mpaka wina kukhala pansi. Dzina loti a Choko linanditsata mpaka m'kalasi, ndipo linandiperekeza popuma ntchito. Mlongo wanga amati zinali zocheza. Ine tsikulo ndimalikumbuka ndi deti lomwe.

Chaka chatha mlamuyo anadwala chimfine chachikulu, n'kuchira. Nditapita kukamuzonda, mlongo wanga anandikokera kukhitchini. Anati mkaka unapserera pambaula mpaka nyumba yonse kununkha, mwamuna wake ali pampando pomwepo, osamva fungo lililonse.

"Achimwene, chonde, izi zithere m'nyumba muno. Manja awo ayamba kale kunjenjemera. Bwana wa galaja akuwasunga chifukwa cha mphuno yokhayo."

Ndinati ndamva. Sindinati ndalonjeza.

Mwayi unabwera ndi mkamwini wanga, dokotala wa mano, amene nzeru zake zonse zimathera m'kamwa mwa anthu. Anagula galimoto yabwinobwino n'kuyamba kuisokoneza. Anaiikitsa kwa makaniko wina tabo yaikulu, chija chimapopera mpweya wambiri mu injini, ndi ekizosi yoti mwana angalowetsemo mutu. Sipanathe mwezi, galimoto inayamba kunjenjemera ikaima. Akaponda mafuta, tabo ikangoyamba kuimba mluzu, injini inkatsamwa n'kutsokomola ngati nkhalamba yosuta.

"Bambo, ndipite nayo kuti?"

"Kwa alamu anga. Ndikuperekeza."

Tinapita Loweruka m'mawa, nthawi imene galaja imadzaza. Ndisanatuluke m'nyumba ndinadonthetsera petulo pang'ono pa kampango kanga koyera, n'kukakulunga m'pepala la pulasitiki.

Amakaniko awiri a laputopu anayamba ndiwo. Analumikiza waya, n'kuyang'ana, n'kuyang'anana. Amene anaika tabo uja anali atasokonezanso kompyuta ya galimotoyo, moti zimene inkanena sizinkamveka. Bwana anakuwa: "A Mphuno! Tabwerani muwachititse manyazi awa."

Anabwera akupukuta manja. Anagwada bondo limodzi, kenako linzake, n'kukoka mpweya. Kawiri. Kenako kachitatu, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita. Ndinaona maso ake akuthawira pa tabo ija, ndipo ndinadziwa kuti akungoyerekeza: tabo yaikulu, mpweya wambiri, ndiye petulo wachepa.

"Ikufa ndi ludzu iyi," anatero.

Tonsefe maso anali akutiwawa ndi petulo wosapsa. Koma ndani akanatsutsa a Mphuno? A laputopu aja anayamba kukayikira mphuno zawo zomwe.

"Tachotsani pulagi imodzi," ndinatero.

"A Choko ayambanso kalasi," anatero iye, koma sanaseke bwino.

Pulagi, kachitsulo koyatsa petulo mu injini, inatuluka yakuda bii ndi mwaye, yonyowa. Ya injini yaludzu imakhala yotuwa ngati phulusa, zimenezi ngakhale wosesa m'galaja amazidziwa. Thukuta linayamba kutsika pachipumi pa mlamu wanga. Ndinamupatsa kampango kaja.

"Pukutani, alamu."

Anapukuta chipumi, masaya, ndi mphuno yomwe. Anathokoza.

"Kakununkhira chiyani?"

"Sopo wa akazi anu. Kapena mwayamba kuchapa nokha?"

"Bwana," ndinatero, "tanunkhizani."

Bwana sanafune n'kukagwira komwe. Fungo linali litamupeza kale pamene anaima. Kampangoko kanayenda dzanja ndi dzanja, ndipo kuseka kunayambira kumbuyo, kwa madalaivala. Wina anati mphuno yapita ku penshoni mwini wake osamutsanzika. Wina anati aipititse ku sevisi. Mkamwini wanga anangoti "Aaa, bambo," n'kuyang'ana nsapato zake.

Mlamu wanga anapempha madzi a sopo m'kachitini. Anapaka mapayipi onse ochokera ku tabo kupita ku injini, n'kuuza mkamwini kuti aponde mafuta. Kunsi kwa payipi ina ya labala, pamene diso silifika, thovu linatupa n'kuphulika. Panali mng'alu wotalika ngati chala.

"Sensa ikuwerenga mpweya wonse polowa," anatero motsitsa mawu, akulankhula ndi injini osati ife. "Kompyuta n'kupereka petulo wa mpweya wonsewo. Koma wina ukuthawira apa. Petulo n'kuchuluka, mapulagi n'kumira."

Magawo a mpweya, magawo a petulo. Phunziro langa lomwe lija, m'kamwa mwake.

Anasintha payipi ndi mapulagi. Injini inalira mosalala, moti kapu ya madzi ikanakhala pamwamba pake osatayika. Koma bwana anali atapinda manja.

"Sopo ndi madzi, mdala, aliyense angathe."

Lolemba bwana anamutumizira mlamu wanga ovolosi yake kunyumba m'jumbo; ntchito inathera pomwepo.

Panopa amakhala pakhonde, kuyang'ana magalimoto akudutsa. Dzina lija silinachoke, koma oitana amayamba kumwetulira asanalitchule. Mlongo wanga akandiona pamsewu amawolokera tsidya lina. Ndinadutsa pakhomo pawo kamodzi, mlamu wanga n'kundiitana, osati a Choko.

"Alamu. Zaka zonsezi?"

"Makumi atatu ndi chimodzi," ndinatero, "ndi miyezi inayi."

Anagwedeza mutu ngati wamva mtengo wa chinthu chimene sangagule. Kampango kaja mkazi wanga wakachapa katatu, koma fungo silinathe. Ndimakasunga m'dilowa, pamodzi ndi masatifiketi anga.