Dzina la Phulusa

Dzina tinalisankha mimba ili ndi miyezi isanu, ndipo cholakwa choyamba chinali chimenecho. Kwathu mwana sapatsidwa dzina asanabadwe, ngakhale atabadwa amayamba adikira kuti mchombo ugwe. Koma ine ndinali nditapita padera kawiri kuno ku Bradford, ndipo ana awiriwo anapita opanda dzina, moti ndinkasowa chowatchula popemphera. Ndinauza bambo a kunyumba kuti uyu yekha akhale nalo lake msangamsanga.

Kuchipatala tinakana kuti atiuze ngati ndi mwamuna kapena mkazi, chifukwa ndinkaopa kumudziwa kwambiri. Ndiye panafunika dzina lokwana konsekonse, monga Chikondi kapena Mphatso, koma loti aphunzitsi a kuno asamalume lilime poitana. Tinagwirizana za Ashley. Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndinkagwira ntchito kunali a Ashley awiri, mayi wa kukhitchini ndi bambo wina wandevu wokonza mapaipi, onse ojintcha, osadwaladwala. Kwa ine umboni unakwana.

Pakamwa panga mposasunga kanthu. Ndinauza mayi anga pafoni, iwo n'kukauza anzawo a kutchalitchi ku Dedza, ndipo pakati pawo panali mphunzitsi wopuma amene Chingerezi amachidziwa mopitirira muyeso. Lamlungu masana foni inalira, anali mayi.

"Iwe, akuti ashi ndi phulusa. Mwana asanabadwe mwamutcha kale phulusa? Sunamve mawu amene abusa amanena kumanda?"

Ndinawayankha mwamwano kuti za kumudzi azisiye kumudzi, n'kudula foni. Kenako ndinakhala pamasitepe manja ali pamimba, kudikira kuti mwana agunde. Sanagunde mpaka madzulo. Ndinachita mantha kwambiri. Kwathu dzina si chokongoletsa: makolo amene aika ana motsatizana ndiwo amatcha wotsatira Maliro kapena Chidothi. Ine ndi digiri yangayo ndinali nditachita zomwezo osadziwa.

Bambo a kunyumba anafufuza pafoni n'kundiwerengera mokweza ngati akulalikira. Akuti phulusa mulibemo. Ndi Chingerezi chakalekale, ndipo poyamba linali dzina la malo, poyera pakati pa mitengo yotchedwa ashi. Kenako linasanduka dzina la mabanja, n'kupita kwa anyamata, mpaka atsikana analilanda n'kulichulukitsa, ngakhale kuti makanda a masiku ano salipatsidwanso kawirikawiri. Ndinawauza kuti mtengowo sindinauonepo, pomwe phulusa ndalipala moyo wanga wonse.

Amene anandionetsa, mimba itakwana miyezi isanu ndi itatu, ndi agogo ena achizungu omwe ndinkawasambitsa kuntchito, obadwira konkuno. Nditawafunsa anandilozera pawindo, kuseri kwa poimika magalimoto. Inali nyengo yomwe chisanu chimatha, mitengo yonse itavala masamba, koma umenewu unali mbulanda, nthambi zotuwa, kunsonga kuli timfundo takuda bii ngati makala. Ndinawauza kuti mtengowo ndi wouma. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ashi ndi waulesi basi, chaka chilichonse umaphuka anzake onse atamaliza.

Ndinaimbira mayi, n'kupepesa, n'kuwafotokozera zonse, za kusaphukazo zomwe. Sanatsutse, sanavomere. Anangoti ndizikauyang'ana.

Ndipo ndinkakauyang'anadi. Ntchito ndinali nditaima, koma ndinkakwera basi ndi chimimba changacho kukaima kumpanda ngati wakuba, maso ali m'mwamba. Tsiku lomwe anamwino anandipatsa linafika n'kudutsa. Sabata inatha. Mwana anali phee m'mimba, kugunda mwa apo ndi apo, mtengo nawo uli chiumire. Bambo a kunyumba ankati ndasanduka mlonda wa nkhuni, koma nawonso chakudya sichinkawalowa. Dzinalo tinasiya kulitchula m'nyumba.

Pomaliza anandigoneka m'chipatala kuti ayambitse okha matenda. Anabadwa m'mawa, mtsikana, ndipo sanalire. Anamwino anamutengera pakathebulo kumbali, atandifulatira, ine n'kumangoyang'ana misana yawo. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinamva pakamwa panga pakuitana dzina lija, kawiri, katatu, ngati ndikuitana mwana amene wapita kukasewera kutali. Kenako analira, kamawu kosasa, kokwiya.

Masana ndinaimba ku Dedza. Mayi sanalulutire. Anafunsa ngati akuyamwa, ndinati eya. Anafunsa ngati ine ndili bwino, ndinati eya. Kenako anatsitsa mawu.

"Nanga mtengo uja?"

Ndinali ndisanauone kwa masiku atatu, ndipo tsiku lomaliza unali uli mbulanda. Ndinayang'ana Ashley ali pachifuwa panga, tizibakera atafumbata.

"Waphuka, mayi," ndinatero.

Apo m'pamene analulutira.