Malemba ofiira pakhoma lathu ku Matero

Amuna anga atachotsedwa ntchito, tinayamba kulephera kubweza ngongole ya nyumba yathu ku Matero, ndipo a ku banki anatichenjeza kuti adzailanda. Amuna angawo anagula penti yofiira n'kulemba pakhoma la kumsewu kuti nyumba ino siyogulitsa, monga anthu amachitira poopa akathyali.

Ndinapsa mtima. "Imwe bambo a ana, banki imawerenga makoma?"

Iwo anati kupita kubanki n'kudzipereka wekha. Ine ndinamanga chitenje n'kukwera minibasi. Mayi amene ndinawapeza kumeneko sanandikalipire. Anandifunsa ngati nyumbayo ingabweretse ndalama, ndipo tinagwirizana zoti tizilipira pang'onopang'ono kwa nthawi yotalikirapo.

Tinasamukira m'kachipinda ka kuseri komwe tinkasungiramo malasha, m'nyumba yaikulu n'kulowa banja la aphunzitsi ena. Lendi yawo imapita kubanki isanagone m'manja mwanga. Aneba ankaseka poona ba landilodi akutulukira kuseri ndi mbaula, ine n'kumawapatsa moni mokweza.

Tikadali kuseriko, koma makiyi ndi athu. Amuna anga anafuna kufufuta malemba aja, ndinawaletsa. Tsopano malembawo akunena zoona.