Aphunzitsi a Kalasi ya Kumapeto

Ambiri mu mpingo wathu ankawadziwa ngati mayi wachikulire wa mpango woyera amene ankakhala pa benchi ya pafupi ndi khomo. Koma m'tauni monse ankawatchula kuti a Kumapeto, ndipo dzinali lili ndi mbiri yake.

Anabadwira m'nyumba ya lendi, kuseri kwa galaja. Bambo awo ankasoka nsapato pakhonde la sitolo, mayi awo ankachapa zovala za anthu. Mayiwo sankadziwa kuwerenga, choncho mwanayo atangodziwa zilembo anapatsidwa ntchito yowawerengera Masalimo iwo akufinya zovala. "Usamathamange powerenga," ankatero mayiwo. "Mulungu sakuthamangira basi."

Atakula anaphunzira zauphunzitsi, nakwatiwa ndi makaniko wina wanthabwala. Boma linawatumiza pa sukulu ya pulaimale ya pakati pa tauni, yopanikizika pakati pa msika ndi fakitale yakale.

Chaka china mvula inagwa mosalekeza, ndipo khoma la kalasi ya kumapeto kwa bwalo linagwa ana ali mkati. Ana awiri sanatulukemo amoyo. Khomalo linamangidwanso ndi kupakidwa laimu, koma palibe amene ankafuna kulowamo. Wosesa ankati m'mawa akatsegula amapeza mabenchi atanyowa chonsecho denga silikudontha. Amayi ogulitsa pampanda ankati dzuwa likafika paliwombo, ana onse ataweruka, mumamveka timawu tikuwerenga a, e, i, o, u, pang'onopang'ono. Nkhunda za pafakitale zinkatera pa madenga ena onse, osati limenelo.

Makolo anayamba kuchotsa ana awo. Aphunzitsi ankapempha kusamutsidwa. Bwalo linamera udzu, ndipo mphekesera inali yoti sukuluyo itsekedwa. Apa ndi pamene mayiyu anapita kwa ahedi.

"Ndipatseni kalasi ija, bwana."

"Mayi, muli bwinobwino? Muphunzitsamo ndani?"

"Chitseko chikakhala chotseka, mantha amanenepa. Ana ndikawafuna ndekha."

Amuna awo atamva anaseka, ngakhale maso awo sankaseka. "Akazi anga, mizukwayo ikalephera mayeso, muibwerezetsa kalasi?"

Ahedi atavomera, tsiku loyamba a Kumapeto analowa m'kalasimo okha. Kunja kunkatentha, koma mkatimo munali mozizira ngati m'chitsime. Atagwada kutsogolo kuti apemphere, benchi ya kumbuyo inalira ngati wina wakhalapo. Sanatembenuke. Anamaliza pemphero lawo, nadzuka, natsegula mazenera onse.

Kenaka anayamba kuyenda khomo ndi khomo m'tinjira ta kuseri kwa msika. Ena ankawatsekera chitseko. Ena ankati, "Tikupatsani mwanayu, koma azikhala pafupi ndi khomo." Iwo ankayankha kuti, "Bwerani naye, mudzaone nokha pamene akhale." Ana anabwera ochepa, ogwirana manja.

M'mawa wina, ana akuimba zilembo, onse anangoti zii. Kumbuyo kwa kalasi kunali mayi wovala zakuda, wowonda, atakhala osagwedezeka, maso ali pakhoma latsopano lija. Palibe amene anamuona akulowa. Kamtsikana kena kanayamba kulira. A Kumapeto anayandikira, ndipo anamuzindikira: anali mayi wa mmodzi wa ana amene anamwalira aja.

"Ndimamumva akuwerenga muno," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Mundithamangitsa?"

"Ayi, achemwali. Khalani. Koma ana awa akukuopani. Tandisongolerani mapensulowa, akuoneni kuti muli ndi manja."

Mayi uja anabweranso m'mawa mwake, ndi masiku onse otsatira. Ankasongola mapensulo, kupukuta mamina, kumanga zingwe za nsapato. Amayi ena atamva anabwera kudzasuzumira pazenera, ndipo aliyense amene wasuzumira a Kumapeto ankamuitana n'kumupatsa chochita. Wina ankamvetsera mwana wachibwibwi akuwerenga. Kalipentala wina anakonza mabenchi. Mwana akajomba, pofika masana mayi wina anali atafika kale kwawo kukafunsa chavuta n'chiyani. Aphunzitsi amene anali atamanga kale katundu anamasula.

Koma mayesero sanachedwe. A Kumapeto ndi amuna awo analibe mwana, ndipo pakamwa pa anthu sipagona. Kunayamba kumveka kuti iwo saopa kalasiyo chifukwa ana akufawo ndi awo, amawasunga m'menemo. Amuna awo atamwalira mwadzidzidzi, manong'onong'owo anakula, mpaka ena kutchalitchi ankasendera kutali iwo akakhala. Sanadziteteze. Mng'ono wawo atawakakamiza kuti akadandaule kwa abusa, anangoti, "Ndikamathamangitsa mawu a anthu, ana anga adikira ndani?"

Mng'ono wawoyo ndiye yekha amene anauzidwa chinthu china. Tsiku lina ana atamaliza kuwerenga mokweza, kalasi yonse itakhala chete, a Kumapeto anamva liwu limodzi laling'ono likumalizitsa mzere womaliza, mochedwa, kuchokera kumene kunalibe mwana. Mng'onoyo anafunsa kuti, "Ndiye munatani, achemwali?" Iwo anati, "Ndinadikira amalize. Kenaka ndinati tonse tipemphere. Za akufa adziwa Mwini wake, ine anandipatsa amoyo."

Zaka zinapita, sukulu ija inadzaza mpaka ana ankachita kuphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana. Akuluakulu a zamaphunziro ankabwera kudzafunsa chinsinsi chake. A Kumapeto ankangoloza makolo amene anali pabwalo, n'kunena kuti, "Sukulu imene kholo limathera pageti, mwana amalowa yekha ngati wamasiye."

Atapuma pantchito anakakhala kwa mwana wa mng'ono wawo. Maso anachita khungu, koma Lamlungu sankajomba. Masana ena, atalandira mgonero kunyumba, anapempha kuti awakhazike pakhonde amve ana akuweruka. Phokoso la anawo litadutsa, mwana wa mng'ono wawo anabwera ndi madzi akumwa, napeza atatsamira khoma, manja ali pamiyendo, atapita mwakachetechete.

Pa mwambo wa maliro tchalitchi chinadzaza mpaka panja. Munali madalaivala, anamwino, ogulitsa mumsika, ndi aphunzitsi atsopano a pasukulu ija. Abusa atatsegula Baibulo anakweza maso, nati, "Amene munaphunzitsidwa kuwerenga ndi mayiwa, imirirani, tiwerenge limodzi salimoli."

Mabenchi anagwedezeka. Anthu anaimirira kuyambira kutsogolo mpaka pakhomo, ndi kunja komwe, ena atatu pa Baibulo limodzi. Abusa anayamba mzere woyamba, koma mawu awo anamira m'mawu a khamulo. Anatseka buku lawo, nakhala pansi, namvetsera.