Thumba lodzaza mankhwala

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha foni yothera moto. Nditamaliza sukulu ndinachoka kwathu ku Shikabeta kukakhala ndi azakhali ku Rufunsa, ndipo tsiku lina ndinakatchajitsa foni pa kashopu ka Ba Mwanza, pafupi ndi msika. Anandiona ndikusuzumira makompyuta awiri akale amene anali pakona.

"Anyamata afuna chabe gemu ya bola," anatero. "Iyi ina palibe aigwira. Uiphunzire, uwaphunzitse. Ikakanga, makompyuta nigulitsa, na iwe ntchito yasila."

M'mawa ndinkapukuta fumbi pa sola, kuona ngati batire yadzaza, kulumikiza mafoni a anthu, kenako n'kukhala pa gemu ija. Mu gemuyo unkatsogolera anthu anayi: wankhondo, woponya mivi, sing'anga ndi kambala kotsegula maloko. Poyamba ndinkamenya mabatani ngati wamisala mpaka Ba Mwanza anandikumbutsa kuti kiyibodi si ng'oma. Kunalibe za liwiro la zala. Aliyense wa anayiwo ankadikira nthawi yake, ndipo pa nthawiyo ankachita chimodzi chokha: kuyenda, kumenya kapena kumwa mankhwala. Ndinaikonda gemuyo, ndisaname.

Mankhwalawo anali m'timabotolo tofiira tobwezera mphamvu kwa wovulala. Ndinkatola paliponse n'kusunga m'thumba. Munthu wanga akavulala ndinkangom'bwezera kumsasa kukagona, botolo osaligwira.

Loweruka lina Ba Mwanza anaitana madalaivala ndi makondakitala kuti adzaone ndikulimbana ndi chilombo cha kuphanga. Shopu inadzaza mpaka pakhomo. Nditangolowetsa anthu anga, khomo la phanga linatsekeka, ndipo zobwerera kumsasa zinathera pomwepo. Chilombo chinamenya wankhondo, mzere wa moyo wake n'kutsika.

"Mumwetseni mankhwala, mlongo!" anakuwa Ba Chanda, dalaivala wa minibasi.

Ndinati ayi, kutsogolo kungakhale zoopsa kuposa apa. Kwathu tinakula tikudziwa kuti ngakhale njala ilume bwanji, mbewu sadya. Dzanja linali pa mausi, koma mtima unakana. Wankhondo anagwa, wa mivi anatsatira, sing'anga naye, ndipo kambala sikanachedwe.

Ba Chanda anatenga mausi n'kutsegula thumba lija. Mabotolo ali thothotho.

"Mayo! Anthu afa na njala, nkhokwe ili fulu!"

Kuseka kwake kunamveka mpaka pamsewu. Manyazi anandigwira, misozi ili pafupi, ndipo ndinatola kachikwama kanga podziwa kuti ntchito yatha. Koma Ba Chanda anali atakhala kale pampando wanga.

"Nionetseni chabe mwamene ayendera aba anthu. Ine sinisunga kanthu."

Kondakitala wawo anakhala pa kompyuta ina, ena n'kuyamba kukangana za amene atsatire. Aliyense ankafuna kuonetsa kuti angachite bwino kuposa ine. Ba Mwanza anandikodola.

"Uyenda kuti manje? Aba makasitomala aziwaphunzitsa ndani?"

Ndinakhala pamenepo zaka ndithu. Lero m'shopu muja amagulitsamo feteleza, ndipo ndikadutsa ndimasowa phokoso la Loweruka lija. Kusunga sindinasiye, zili m'magazi. Koma mwana wanga akapempha kuvala nsapato zake zatsopano Lachiwiri wamba, ndimam'veka ndekha, phazi lisanakule.